Kudzimangira m'chiuno si kumanga lamba wa njala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa mawu ena a m'Baibulo amene masiku ano ndikuwamva paliponse, pa maliro, pa wailesi ngakhale m'minibasi, koma amene ndikuona kuti tawakhotetsa. Mwezi wathawu ndidali pa maliro a mnzanga wa Mvano kuno ku Chilobwe. Mlaliki wake, mnyamata wodziwa kuyankhula ndithu, adawerenga Luka 12 ndime 35, pamene Ambuye Yesu akutiuza kuti tikhale odzimangira m'chuuno, nyali zathu zili zoyaka. Atatseka buku adati tanthauzo lake n'lakuti zinthu zikathina, ufa ukakwera mtengo, Mkhristu amange lamba, adye kamodzi pa tsiku, akhale phee kudikira Mulungu. Anthu adavomera ndi ameni wamphamvu. Ine pa mkeka pamene ndidakhalapo mtima udandiwawa, chifukwa pambali panga padali mayi wamasiye wa ana anayi amene lambayo adamanga kalekale, ndipo palibenso pobowola.

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndagwira choko zaka 34, ndipo Buku Lopatulika ndidayamba kuliwerenga ndili kamtsikana kwathu ku Lunzu. Sindidapite kusukulu ya ubusa. Komabe mawu amenewa ndimawadziwa ndi thupi langa, monga amawadziwira mayi aliyense amene adasinjapo pa mtondo kapena kuwoloka Lunzu atadzaza.

Anthu a m'nthawi ya Baibulo ankavala zovala zazitali zofika m'mapazi, zonga mikanjo imene abale athu achisilamu amavala popita ku mzikiti Lachisanu. Chovala chotere n'chabwino munthu akakhala pansi kapena akamayenda mwachifatse. Koma akafuna kuthamanga, kulima, kumenya nkhondo kapena kusenza katundu, chimamukola m'miyendo n'kumugwetsa. Tsono ankachikokera m'mwamba, n'kuchipisa mu lamba wa m'chiuno kuti miyendo imasuke. Amene adamasulira Buku Lopatulika, a William Murray ndi anzawo a kuno kwathu amene adagwira nawo ntchitoyo ku Mvera mpaka bukulo lidatuluka mu 1922, adapeza liwu lathulathu la zimenezi: kukwinda. Pa Eksodo 12 ndime 11 Aisraele akuuzidwa kuti adye Paskha ali okwinda m'chuuno, nsapato zili kuphazi, ndodo ili m'manja, ndipo adye msanga.

Taonani bwino chithunzi chimenechi, Akonzi. Anthuwo akudya. Pali nyama yowotcha, pali mkate wopanda chotupitsa, pali ndiwo zowawa. Palibe amene wauzidwa kuti agone ndi njala. Akudya kuti akhale ndi mphamvu, ndipo akwinda chifukwa usiku womwewo anyamuka kuchoka ku ukapolo. Munthu wokwinda ndi munthu amene watsala pang'ono kuchita chinachake.

Amayi tonse timadziwa kusiyana kwa chitenje chopitira kutchalitchi ndi chitenje chogwirira ntchito. Pa maliro omwe aja, kuseri kwa nyumba kumene tinkaphika, panalibe mayi amene chitenje chake chinkakwekwereka pansi. Aliyense adachikweza kufika m'mawondo, n'kumanga china pamwamba m'chiuno mothina, chifukwa kuvundula nsima ya mumphika waukulu kumafuna msana wolimba. Mlaliki uja akadangozungulira kuseriko akadauona ulaliki wake uli chiimire, utagwira mthiko.

Kulikonse kumene mawuwa akupezeka, chimene chikutsatira ndi ntchito. Eliya atapemphera pa phiri la Karimeli, patatha zaka zitatu ndi theka mvula isakugwa, mnyamata wake adaona kamtambo kakang'ono ngati dzanja la munthu kakukwera kuchokera kunyanja. Eliya adadzimangira m'chiuno nathamanga patsogolo pa galeta la Ahabu mpaka ku Yezreeli, mtunda wa makilomita oposa 20, mvula ili m'mbuyo. Elisa atamva kuti mwana wa mayi wa ku Sunemu wamwalira, adauza Gehazi kuti adzimangire m'chiuno, atenge ndodo, ndipo asaime n'kupatsana moni ndi munthu panjira. Yeremiya adauzidwa kuti akwinde, aimirire, akanene kwa mafumu ndi ansembe zonse zimene Mulungu wamulamula, osawaopa. Ameneyu ndiye amandikhudza kwambiri, chifukwa mawu omwe ife tikuwagwiritsa ntchito potseka anthu pakamwa, kwa Yeremiya adali omutsegula pakamwa. Ngakhale mkazi wangwiro wa pa Miyambo 31, amene timakonda kumuwerenga pa zikwati ndi pa misonkhano ya Mvano, amadzimangira m'chiuno ndi mphamvu, ndipo mutu womwewo ukumuonetsa akugula munda, akuwoka mipesa, akupota thonje, nyali yake osazima usiku.

Nanga zakumanga lambazi zidachokera kuti? Ine ndidayamba kuzimva kwa andale. Boma lililonse limene labwera, kwacha ikagwa, limatiuza kuti timange malamba. Tidazimva mu 2012, tidazimvanso mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 pamene ndalama yathu idatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mawu adali omwewo. Sindikukana kuti pali nthawi imene banja kapena dziko liyenera kudzimana. Ndalera ana asanu ndi malipiro a uphunzitsi, kudzimana ndikukudziwa. Chimene ndikukana n'chakuti titenge mawu a andale n'kuwaika m'kamwa mwa Yesu. Lamba wa njala amamangidwa kuti mimba isamveke kulira. Lamba wa m'Baibulo amamangidwa kuti miyendo iyende.

Ndipo amene amakonda kutiuza za malamba awerengeko ndime ziwiri kutsogolo pa Luka 12 pomwepo. Pa ndime 37 Ambuye akuti mwini nyumba akadzapeza antchito ake ali maso, iyeyo ndi amene adzadzimangire m'chiuno, n'kuwakhazika pansi, n'kuwatumikira chakudya. Usiku umene adaperekedwa, Yesu adavula chovala chake, nadzimanga chopukutira m'chiuno, nasambitsa mapazi a ophunzira. M'Baibulo wamkulu ndi amene amayamba kukwinda. Mtsogoleri wa mpingo kapena wa dziko amene akufuna kutchula mawu amenewa ayambe waonetsa beseni lake.

Mawu ena amene ndimawamva akutchulidwa mosinthanitsa ndi a pa Mateyu 6, oti tisadere nkhawa za mawa, tiyang'ane mbalame za mumlengalenga. Ndili ndi mdzukulu wa mchemwali wanga, mlimi wakhama, amene chaka chilichonse akangokolola amagulitsa chimanga kwa mavenda amene amabwera ndi sikelo m'mudzi mu Meyi, ndipo Januwale akafika amakagula chimanga chomwecho pa mtengo woboola m'thumba. Nditamufunsa adandiyankha ndi ndime imeneyi, kuti Mulungu amadyetsa mpheta. Ndidamuuza kuti mpheta sinaonekepo itagona m'chisa kudikira kuti mapira agweremo. Nkhawa imene Yesu akuletsa ndi ija yosowetsa tulo, yodya munthu m'kati popanda chimene yakonza. Buku lomwelo pa Miyambo 6 likutitumiza kwa nyerere, zimene zilibe mfumu kapena kapitawo koma zimatuta chakudya chawo m'masika. Pa Miyambo 22 ndime 3 likuti wochenjera amaona tsoka likubwera n'kubisala, koma achibwana amangopitirira n'kupwetekedwa. Makolo athu adanena zomwezo mwachidule: chakudza sichiimba ng'oma.

Mayi anga adaona njala ya 1949 ali mtengwa watsopano ku Lunzu. Mvula idayamba bwino, kenako idadula, chimanga chili m'mawondo. Ankatisimbira kuti amuna ambiri adanyamuka kupita ku Mwanza, ku Neno ndi ku Ntcheu kukasuma, ndipo ena sadabwererenso, adakakwatira komweko kumene kudali chakudya. Amayi otsala ankakumba mizu ya m'tchire n'kuiwiritsa kambirimbiri kuti ululu uchoke. Kuchokera chaka chimenecho mpaka tsiku limene adatisiya, mayi sadalole kuti nkhokwe ifike pansi chimanga chatsopano chisanalowe. Kudenga la khitchini kunkalendewera zikwatu za mfutso, wa nkhwani ndi wa khwanya, zokulungidwa m'masamba a msuku, zakuda bii ndi utsi. Pa tsindwi padali makaka. Kumalire kwa munda ankadzala chinangwa ndi mawere, zimene ife ana tinkaziona ngati chakudya cha anthu osauka. Mayi sankatha kuwerenga, koma nkhani ya Yosefe ankaidziwa pamtima, ndipo ankati ng'ombe zoonda zija sizidafe, zimangozungulira.

Nkhani ya Yosefe tiyenera kuiwerenga mofatsa, chifukwa ili ndi masamu. Sadauze Farao kuti apemphere basi. Adati asankhe akapitawo, atenge limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu dzambiri, ndipo chakudya cha minda yozungulira mzinda uliwonse achisunge mumzinda womwewo. Thumba limodzi pa matumba asanu alionse, losungidwa pafupi ndi amene adzalidye. Ife tili ndi nkhokwe zikuluzikulu ku Kanengo, ndipo tonse amene tidalipo tikukumbukira kuti mu 2000 ndi 2001 chimanga cha m'nkhokwe za dziko, matani oposa 160,000, chidagulitsidwa, kenako mu February 2002 boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Chaka chimenecho ndinkaphunzitsa sitandade 3. Ana ankagona pa desiki isanakwane 10 koloko, ena ankakomoka pa mzere wa m'mawa. M'midzi anthu ankadya madeya ndi zitsinde za nthochi, ndipo wogwidwa akuba chimanga chachiwisi ankachitidwa zinthu zimene sindingazilembe m'nyuzipepala. Njala imeneyo sidabwere chifukwa chakuti Amalawi adalephera kumanga malamba.

Ndivomereze kuti pali mbali ya nkhani ya Yosefe imene imandisautsa. Pa Genesis 47 anthu atatha ndalama adapereka ziweto, zitatha ziweto adapereka minda, pomaliza adadzipereka okha kwa Farao kuti apeze chakudya chimene adalima ndi manja awo. Ndikamawerenga pamenepa ndimaona katapila, ndimaona mayi akupinyolitsa dimba chifukwa cha ndowa ziwiri za chimanga. Kusunga pakokha sikokwanira, pamafunika kufunsa kuti wasungira yani. N'chifukwa chake m'mutu womwe uja wa Luka 12, asananene za kudzimangira m'chiuno, Yesu akusimba za mwini chuma amene adapasula nkhokwe zake n'kumanga zazikulu, nauza moyo wake kuti upumule, udye, umwe. Mulungu adamutcha wopusa. Sadalakwe pomanga nkhokwe, pakuti Yosefe adamanganso. M'mawu ake onse munthuyu mulibe mkazi, mulibe mwana, mulibe mnansi, muli iye yekha. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha pa Machitidwe 11. Mneneri Agabo atanena ku Antiokeya kuti kukubwera njala yaikulu, imene idachitikadi m'masiku a Klaudio, Akhristu a kumeneko sadathamangire kukadzaza nyumba zawo. Aliyense adasonkha monga adapatira, natumiza thandizo kwa abale a ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo. Ndimalakalaka mipingo yathu, imene imatha kusonkha mamiliyoni a matailosi ndi zokuzira mawu, itamasonkhanso chimanga mu Juni, aliyense ndowa imodzi, n'kuchithira mankhwala a nankafumbwe, kuti mu February mayi wamasiye uja asamauzidwe za lamba.

Tsono ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi, chifukwa sindikulemba ngati munthu amene adakhoza mayesowa. Mu Malichi 2023 a zanyengo adachenjeza pa wailesi kwa masiku angapo kuti namondwe Freddy akubwerera kuchokera ku Mozambique ndipo alowa m'chigawo cha kummwera. Ndidamva ndi makutu angawa. Mwana wanga wa ku Lilongwe adaimba foni Loweruka kuti nditsike ndikagone kwa mchimwene wake ku Chitawira. Ndidamuyankha kuti ndakhala pansi pa phiri la Soche zaka zoposa 30, namondwe Ana adadutsa, namondwe Idai adadutsa, ndipo Mulungu amene adandisunga apo andisunganso. Ndidaganiza kuti ndikuyankhula mwa chikhulupiriro. Lero ndikudziwa kuti kudali kuuma mutu kumene ndidakuveka malaya a Mvano. Nowa adachenjezedwa za zinthu zosaoneka ndipo chikhulupiriro chake chidaoneka pa kusema matabwa. Ine ndidachenjezedwa za zinthu zimene wailesi inkatchula ndi tsiku lomwe, ndipo sindidalongedze ngakhale kachikwama.

Mvula idagwa osapuma, usana ndi usiku. Usiku wa Lamulungu pa 12 kulowa Lolemba magetsi adali atazima. Foni yanga idali itatha moto, tochi idalibe mabatire, ndipo machesi adanyowa pa windo. Apa m'pamene ndidamvetsa anamwali asanu aja a pa Mateyu 25. Kale ndinkawaona ngati atsikana oipa. Sadali oipa, nyali adali nazo, ukwati adaukonzekera, adangoyesa kuti usiku ukhala waufupi. Kenako kudamveka mkokomo kuphiri, wonga malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi, nthaka n'kumanjenjemera pansi pa bedi. Mkokomo umenewo sindidzauiwala. Nyumba zimene zidali kumtunda kwathu, kumene ana ake ankabwera kudzandifunsa masamu, m'mawa mwake padali matope ndi miyala ikuluikulu ngati minibasi. Anthu mazanamazana adapita m'masiku amenewo kuno ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ndipo ambiri mpaka lero matupi awo sadapezeke.

Pa maliro a anthu amenewa tidamva kawirikawiri kuti ndi chifuniro cha Mulungu. Sindifuna kulanda olira chitonthozo chawo, ndipo ambiri amene adafa adamanga kumtunda chifukwa kudalibe kwina kumene ndalama zawo zikadawafikitsa. Koma ine ndidafika ku Chilobwe phiri la Soche lili ndi mitengo, ndidaliona likumetedwa chaka ndi chaka, ndipo nkhuni zina zochokera kumeneko zidapsa pa mafuwa anga. Yesu pomaliza chiphunzitso cha paphiri adanena za anthu awiri omanga nyumba, ndipo mvula, mitsinje ndi mphepo zidagunda nyumba zonse ziwiri mofanana. Sadalonjeze kuti womumvera mvula idzamulambalala. Kusiyana kudali pa zimene aliyense adachita dzuwa likadali kuwala.

Pali funso limene Mulungu adafunsa Yeremiya pa mutu 12 ndime 5, mneneriyo atadandaula kuti oipa zikuwayendera bwino. Adamufunsa kuti ngati watopa pothamanga ndi anthu oyenda pansi, adzapikisana bwanji ndi akavalo, ndipo ngati akugwa m'dziko la mtendere, adzatani m'nkhalango za ku Yordano. Ndili mtsikana ndinkaona ngati yankho limeneli n'louma mtima. Tsopano ndimaliona ngati la kholo limene silinamiza mwana. Chaka chotsatira Freddy, mu Malichi 2024, maboma 23 mwa 28 adalengezedwa kuti ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Madzi chaka chino, dzuwa chaka chamawa. Akavalo aja afika kale, ndipo ana athu akufunika alaliki owauza zoona, kuti akwinde: adzale chinangwa ndi mbatata pambali pa chimanga, asunge mbewu, akumbe ngalande mvula isanayambe, abwezere mitengo m'phiri, akamva chenjezo asamuke, ndipo afunse mopanda mantha amene asunga makiyi a nkhokwe za dziko kuti muli matumba angati.

Kwa mlaliki uja ndilibe naye mangawa. Ndidamupeza pambuyo pa mwambo, ndidamugwira dzanja, ndipo tidakambirana bwinobwino pansi pa mtengo wa mango. Adandimvetsera mwaulemu, nati akawerenganso. Mwana wanga, ngati ukuwerenga kalatayi, yamba ndi Eksodo 12, ndipo ukatha upite kuseri kwa nyumba ya maliro ukaone amayi ako mmene amangira zitenje.

Ine tsopano pakhomo pa chipinda changa pamakhala kachikwama. Muli chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala, mankhwala a BP a mwezi umodzi, tochi ndi mabatire ake osatsegula, machesi m'kabotolo, chitenje chimodzi ndi Buku Lopatulika lokulungidwa m'jumbo. Nsapato za pulasitiki zimagona pambali pake kuyambira Disembala mpaka Epulo.

Usiku uja sindidadzipulumutse ndekha. Madzi atayamba kulowa pansi pa chitseko ndidayesa kumanga chitenje, koma manja ankanjenjemera, mfundo osagwira, ndipo nsalu yonyowa inkandikulunga m'miyendo. Adagogoda ndi mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, amene ndidamuphunzitsa sitandade 2 kalekale, ali ndi mwana kumbuyo. Sadayankhule zambiri. Adagwada m'madzimo, nakweza chitenje changa kufika m'mawondo, navula mpango kumutu kwake n'kundimanga nawo m'chiuno mothina mpaka ndidabuula. Adati, "Agogo, gwirani apa, musataye," n'kundipatsa nsonga ya mbereko. Tidatsika choncho mumdima, madzi ali m'ntchafu, mpaka pa sukulu pamene anthu ankasonkhana. Titakhala pansi m'kalasi, pa simenti yozizira, ndidakumbukira zimene Ambuye adauza Petro m'mbali mwa nyanja pa Yohane 21, kuti ali mnyamata ankadzimangira yekha n'kupita kumene afuna, koma akadzakalamba adzatambasula manja ndipo wina adzamumangira. Mpangowo ndidauchapa n'kukaubweza, koma mwini wake adakana kuulandira. Uli m'kachikwama kaja, pamwamba pa tochi.

Ndine,
Mayi wa Mvano,
Chilobwe, Blantyre